Kosi ya pa intaneti ya utumiki mu mpingo woyamba: pakati mpokoma, kumapeto andigwetsa ulesi

Amene mwakhala mukufunsa ngati kosi ija ya pa intaneti yonena za utumiki m'malemba a Akhristu oyambirira ndi yoti munthu nkutayirapo nthawi, ine ndikuti eya lowani, koma mulowe mukudziwiratu kuti zokoma zake zili pakati, koyambirira nkozizira pang'ono ndipo kumapetoko aaa, tifikako. Dzina la oyendetsa sinditchula chifukwa pali zingapo zoti ndidandaule ndipo sindikufuna zioneke ngati ndabwera kudzaipitsa mbiri ya munthu.

Imayenda chonchi, amakutumizirani ma audio a phunziro, kenako ka PDF ka manotsi kokhala ndi mavesi ndi mapu, ndiye pali gulupu ya WhatsApp yofunsira mafunso komanso nthawi zina aphunzitsi amabwera live pa vidiyo. Kumapeto kuli timayeso ndi satifiketi. Ma audiowo si olemera, sadya data kwenikweni ndipo pa foni wamba amatseguka bwinobwino, kungoti Baibulo likhale pafupi chifukwa aphunzitsiwo mavesi amangowaponya motsatizana osapuma, ukati uyankhe meseji imodzi upeza achoka ku Marko afika kale ku Akorinto.

Maphunziro oyamba ndi aja tonse tinawamvapo. Marko 10, Yakobo ndi Yohane akupempha mipando kumanja ndi kumanzere kwa Yesu, Yesu nkuwauza kuti olamulira anthu a mitundu amapondereza anthu awo koma pakati pa inu zisakhale choncho, wofuna kukhala wamkulu atumikire. Yohane 13 kusambitsa mapazi. Luka 22 pomwe akuti ine ndili pakati panu ngati wotumikira patebulo. Zonse ndi zoona ndipo palibe cholakwika apa, kungoti anaziphunzitsa mmene aliyense amaziphunzitsira, mawu ofatsa, kudzichepetsa kudzichepetsa basi. Chimodzi chokha chimene ndinatolapo nchakuti Mateyu 20 amati amene anapempha mipandoyo ndi mayi awo pomwe Marko akuti anapempha okha anyamatawo, ndipo anzawo khumi aja atamva anapsa mtima, aphunzitsi anaseka nkunena kuti musaganize kuti anakwiya chifukwa cha chiyero, nawonso mipandoyo ankaifuna. Mukafika apa musagwe mphwayi nkusiya, pirirani pang'ono.

Zinthu zimayamba kutentha pa Machitidwe 6. Nkhaniyi ambirife timaidziwa mwachidule kuti ndi pomwe anasankha madikoni, basi. Aphunzitsi anatikhazika pansi nkutiwerengetsa pang'onopang'ono, ndipo poyamba penipeni ndi dandaulo, Ayuda olankhula Chigriki mu mpingo wa ku Yerusalemu akung'ung'udza kuti akazi amasiye a mbali yawo akudumphidwa pa kagawidwe ka chakudya ka tsiku ndi tsiku. Mpingo womwe uja machaputala awiri m'mbuyomo timamva kuti anali a mtima umodzi, anthu akugulitsa minda ngati Barnaba nkukaika ndalama pamapazi a atumwi, womwewo wayamba kukondera pogawa. Ndiye atumwi khumi ndi awiriwo sanakane kuti vuto lilipo, sanauze odandaulawo kuti pempherani kwambiri, anaitana gulu lonse nkuliuza kuti sankhani nokha amuna 7 a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru. Osankha anali anthu, atumwi anangopemphera nkuwasanjika manja. Mayina awo Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao wa ku Antiokeya amene sanabadwe Myuda, anachita kulowa Chiyuda, ndipo onse 7 ndi mayina a Chigriki, kusonyeza kuti mwina ntchitoyo anaipereka m'manja mwa mbali yomwe inkadandaula ija. Aphunzitsi anachenjeza kuti dzina lokha si umboni wokwanira chifukwa Ayuda ambiri nthawi imeneyo anali ndi mayina a Chigriki, ngakhale mwa atumwi munali Andreya ndi Filipo, ndipo ine zoterezi ndi zimene ndimakonda, munthu wokuuza pamene mfundo yake ikulekezera.

Koma chimene chinandigwira kwambiri ndi ichi. Anthu 7 awa anasankhidwa kuti aziyang'anira matebulo pomwe atumwi akulimbikira kupemphera ndi kuphunzitsa mawu, eti? Ndiye werengani kutsogoloko muone ngati mupezepo vesi limodzi lomwe Stefano kapena Filipo akugawa chakudya. Palibe. Stefano tikumupeza akutsutsana ndi anthu a m'sunagoge, akulankhula pamaso pa bwalo lalikulu pafupifupi chaputala 7 chonse mpaka kuponyedwa miyala. Filipo ali ku Samariya kulalikira, kenako pa msewu wa ku Gaza akubatiza nduna ya chuma ya mfumukazi ya ku Etiopiya, ndipo pa Machitidwe 21 ali ku Kaisareya akutchedwa mlaliki, ali ndi ana aakazi anayi onenera. Chaputala 6 chomwecho sichiwapatsa udindo wa dzina loti dikoni ayi, zimenezo anadzazilumikiza anthu pambuyo pake. Apa mpamene mfundo yaikulu ya kosi yonse yagona, kuti khoma lija timamanga pakati pa ogwira mbale ndi ogwira mawu m'malemba oyambirirawa mulibe, kapena ngati lilipo ndi lalifupi loti munthu amangolumpha.

Kenako amalowa nkhani ya ndalama, ndipo abale phunziro ili lokha likanakhala kuti ndi kosi yonse ndikanakhutira. Ndi nkhani ya chopereka chimene Paulo ankasonkhetsa m'mipingo ya anthu a mitundu ina, amene sanali Ayuda, kupita kwa osauka a ku Yerusalemu. Ambirife timamudziwa Paulo wa chisomo ndi chikhulupiriro, Paulo wosenza thumba la ndalama sitimumva kawirikawiri, chonsecho nkhaniyi ili m'makalata anayi, Agalatiya 2 pomwe akuti Yakobo, Kefa (ndiye Petro) ndi Yohane anangomupempha chimodzi kuti azikumbukira osauka, 1 Akorinto 16, machaputala awiri athunthu 8 ndi 9 a 2 Akorinto, ndi Aroma 15. Ndipo iye ntchito imeneyi amaitcha utumiki ndithu popanda kuichepetsa, mofanana ndi mmene amatchulira ntchito yake yolalikira.

Aphunzitsi anatitengera m'kati mwa mmene zinkayendera. Tsiku loyamba la sabata aliyense azipatula kenakake monga mmene wapezera, kuti pasadzakhale kuthamangathamanga Paulo atafika. Ndalamazo asanyamule Paulo yekha, mpingo usankhe anthu ake odalirika apite ndi makalata, iye adzapita nawo ngati nkoyenera. Mu 2 Akorinto 8 akutuma Tito pamodzi ndi m'bale wina wosankhidwa ndi mipingo, ndipo chifukwa chake akuchinena poyera, kuti munthu asadzatinene pa kayendetsedwe ka mphatso yaikuluyi, tikufuna zikhale zolongosoka pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Aliyense amene anasungapo ndalama za gulu akudziwa mmene anthu amayambira kuyang'ana nsapato zako zatsopano, ndiye Paulo zimenezo ankazidziwa bwino ndipo sanadalire kuti poti ndine mtumwi andikhulupirira. Ndiye kumbukirani kuti kunalibe zotumiza pa foni kapena ndalama za pepala, zinali ndalama zachitsulo zolemera, zoyenda nazo pa msewu ndi pa nyanja. Machitidwe 20 amatchula amuna 7 amene anatsagana naye pa ulendo womaliza uja, wa ku Bereya, awiri a ku Tesalonika, wa ku Derbe, Timoteo, ndi awiri a ku Asiya, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti amenewa anali nthumwi za mipingo zoperekeza chopereka. Mapu a mu PDF apa anathandiza zedi, unkachita kuona kutalika kwa ulendowo.

Panalinso poseketsa. Akorinto anayamba ndi moto chaka chapitacho kenako nkuzizira, ndiye Paulo akuwauza za Amakedoniya kuti anzanu aja ndi osaukitsitsa koma anachita kutichonderera kuti apereke nawo, uku Amakedoniyawo anawauza kale kuti a ku Akaya, chigawo chomwe kuli Korinto, anakonzeka kalekale, ndiye pano akuopa kuti akabwera nawo nkupeza Akorinto alibe kanthu manyazi agwira iye ndi iwo omwe. Munthu wa Mulungu akukankha mbali ziwiri zonse kuti ntchito itheke. Koma cholinga akuchinena momveka, osati ena apumule inu muvutike, koma pakhale kufanana, zochuluka zanu lero zikwanire kusowa kwawo, mawa zawo zidzakwanire kwanu. Ndipo mu Aroma 15, kalata yomwe analemba cha m'ma 56 kapena 57 AD ali pafupi kunyamuka, akupempha mapemphero kuti a ku Yerusalemu akailandire mphatsoyo, kutanthauza kuti sanali wotsimikiza kuti akailandira. Tangoganizani, zaka zonsezo kusonkhetsa, koma ukupita uli ndi nkhawa kuti mwina akaikana chifukwa yachokera kwa osadulidwa. Atafika ku Yerusalemu anamangidwa, ndipo buku la Machitidwe silinena kuti ndalamazo zinalandiridwa bwanji. Aphunzitsi anangozisiya pomwepo osapeka mathero okoma, ndinawapatsa ulemu pamenepo.

Gawo la azimayi nalonso lili bwino ngakhale linafupika. Febe wa pa Aroma 16, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, doko la kum'mawa kwa Korinto, amene Paulo akuti anathandiza ambiri ndi ine ndemwe, ndipo akuuza Aroma kuti mumulandire ndi kumuthandiza pa chilichonse angafune kwa inu. Poti ndi iye akuyamba kutchulidwa komanso akuchita kumuyamikira chonchi, ambiri amakhulupirira kuti ndi amene ananyamula kalata ya Aroma kukaipereka. Ndiye panali Luka 8, Mariya wa Magadala, Yohana mkazi wa Kuza kapitawo wa Herode, Suzana ndi ena ambiri amene ankasamalira Yesu ndi ophunzira ake ndi chuma chawo, funso loti gulu lonse lija linkadya chiyani poyendayenda yankho lake ndi limeneli. Dorika wa ku Yopa amene atamwalira akazi amasiye anaima akulira nkumamuonetsa Petro malaya ndi zovala zomwe ankasoka. Mu gulupu munabuka mkangano apa, ena akuti Febe anali ndi udindo weniweni ena akuti anali wongothandiza, mameseji mpaka usiku, ndipo aphunzitsi anayankha bwino kuti m'zaka za m'ma 50 AD maudindo anali asanakhazikike mmene tikuwadziwira lero, kwa amuna ndi akazi omwe, ndiye funso la ma rank tikulibweretsa ndi ife. Sikuti onse anakhutira koma phokoso linachepa. Nkhani ya Marita ndi Mariya ya pa Luka 10 anangoidutsa pamwamba, chikhalirecho ndi yomwe imaoneka ngati ikutsutsa mfundo yawo ija chifukwa Yesu akuyamikira amene wakhala pansi kumvetsera osati amene watanganidwa ndi ntchito, ndinkayembekeza kuti alimbana nayo koma ayi.

Pa nkhani yoti mtumiki azilipidwa kapena ayi, apa anachita chilungamo chifukwa sanatenge mbali imodzi. 1 Akorinto 9 Paulo akunena mosabisa kuti wolalikira ali ndi ufulu wodya za ntchito yake, ng'ombe yopuntha tirigu usaimange pakamwa, koma iye ku Korinto ufuluwo sanaugwiritse ntchito, ankasoka mahema ndi Akula ndi Priskila amene anali atangochoka ku Roma mfumu Klaudio itathamangitsa Ayuda cha m'ma 49. Nthawi ya ku Korintoyi imadziwika bwino chifukwa cha Galiyo wa pa Machitidwe 18, pali mwala wolembedwa umene unapezeka ku Delphi wosonyeza kuti anali bwanamkubwa wa Akaya cha m'ma 51 mpaka 52. Ku Tesalonika akuti tinkagwira ntchito usiku ndi usana kuti tisalemetse munthu. Koma Paulo yemweyo kwa Afilipi ankalandira, anamutumizira kangapo, ndipo ali m'ndende anamutumizira Epafrodito amene anadwala mpaka pang'ono kufa pa ulendo umenewo, Paulo nkuti anthu otere muziwalemekeza. Munthu wongotumidwa kukapereka katundu kundende, dzina lake tikuliwerenga mpaka lero.

Chomwe sindinkayembekezera, ndipo chinandisangalatsa, nchakuti kosiyi siimera pa Chipangano Chatsopano pokha, imalowako pang'ono m'zolemba za Akhristu a m'badwo wotsatira. Pali kabuku kakale kotchedwa Didache, ka chakumapeto kwa zaka 100 zoyambirira kapena koyambirira kwa zotsatira, kamene kanasowa kwa nthawi yaitali nkudzapezeka ku Constantinople mu 1873. Malamulo ake pa alaliki oyendayenda ndi okhwima moti unkachita kuseka wekha, mtumwi akafika mulandireni ngati Ambuye koma akhale tsiku limodzi, pakafunika awiri, akakhala atatu ndi mneneri wonama. Mlendo ndi mame ndithu. Pochoka atenge mkate wongomufikitsa kumene akukagona, akapempha ndalama ndi wonama, ndipo wina akanena mu mzimu kuti ndipatseni ndalama musamumvere, pokhapokha ngati akupempha kuti zipite kwa ena osowa. Komabe kabuku komweko kakuti mneneri woona amene wakhazikika pakati panu ayenera chakudya chake, ndiye sikuti ankadana ndi atumiki, anangopsa nazo za anthu odyera pa dzina la Khristu ndipo anapsa nazo molawirira.

Kuchoka apo amaonetsa mmene zinthu zinayambira kukhala ndi dongosolo. Afilipi 1 ikutchula kale oyang'anira ndi atumiki. 1 Timoteo 3 ikuti atumikiwo ayambe ayesedwa kaye, asakhale a pawiripawiri, omwetsa vinyo kapena okonda phindu lonyansa, ndipo chaputala 5 chili ndi kaundula wa akazi amasiye, wolembedwa akhale wa zaka zosachepera 60, wodziwika kuti analera ana, analandira alendo, anasambitsa mapazi a oyera mtima, ndipo amene ali ndi achibale asamalidwe ndi achibalewo kuti mpingo usalemedwe. Aphunzitsi ananenanso kuti akatswiri ambiri amaika kalatayi mochedwerapo kuposa makalata ena a Paulo, ena mu gulupu sizinawasangalatse koma ananena mwaulemu ndipo anapereka mbali zonse. Kalata ya Clement wa ku Roma ya cha m'ma 96 ikudzudzula Akorinto omwe aja chifukwa chochotsa akulu awo pa udindo. Ignatius wa ku Antiokeya cha m'ma 110 akulemba kuti madikoni si otumikira zakudya ndi zakumwa chabe koma ndi atumiki a mpingo wa Mulungu. Justin Martyr cha m'ma 155 akufotokoza kuti Lamulungu akatha mapemphero madikoni amatengera mkate ndi vinyo kwa amene sanabwere, ndipo zopereka zimasungidwa ndi wotsogolera kuti zithandize ana amasiye, akazi amasiye, odwala, a m'ndende ndi alendo. Pofika 251 bishopu Cornelius wa ku Roma akuwerenga ansembe 46, madikoni 7, othandiza madikoni 7, ndi akazi amasiye ndi ovutika opitirira 1,500 amene mpingo unkawadyetsa. Madikoni 7 okha mu mzinda waukulu ngati Roma, chiwerengero chija cha ku Yerusalemu anachigwiritsitsa. Gawo limeneli analithamangitsa kwambiri, mayina ndi zaka kungowunjika mu audio imodzi, likanayenera kugawidwa pawiri.

Tsopano dandaulo langa lalikulu, ndipo si la netiweki kapena ma audio ayi, ndi la nkhani yeniyeniyo. Kosi yonse imakamba kutumikira ngati chinthu chimene munthu amasankha, wamkulu kudzitsitsa mwa kufuna kwake. Chabwino. Nanga amene anali pansi kale? M'mipingo imeneyi munali akapolo enieni, anthu ogulidwa, amene kusambitsa mapazi ndi kuperekera patebulo inali ntchito yawo ya tsiku lililonse popanda wowafunsa ngati akufuna. Mawu oti wamkulu akhale kapolo wa onse akawerengedwa m'nyumba ya munthu wolemera momwe mpingo unkasonkhana, mwini nyumba ankamva china, kapolo amene waima pakhomo ndi beseni ankamvanso china, ndipo kosi yonena za tanthauzo la utumiki siyenera kulumpha pamenepa. Aphunzitsi anatchula okha kalata ya Pliny, bwanamkubwa wa Bithynia kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Turkey, yopita kwa mfumu Trajan cha m'ma 112, momwe akunena kuti pofuna kudziwa zoona za Akhristu anazunza akapolo awiri aakazi amene Akhristuwo ankawatcha atumiki. Anaitchula ngati umboni woti azimayi anali ndi maudindo, nkupitirira. Koma abale, akapolo awiri, aakazi, odziwika mu mpingo mpaka boma kuwagwira iwowo, ndipo anazunzidwa chifukwa pa malamulo a Aroma umboni wa kapolo unkatengedwa pomuzunza, nkhani yonseyi nkuipatsa mphindi imodzi?

Chimodzimodzi Onesimo, kapolo wa Filemoni. Kalata ya Filemoni ndi yaifupi, mavesi 25 okha, ndipo muli Paulo akunena kuti ndikanakonda kumusunga kuti azinditumikira m'malo mwako ndili m'ndende muno, koma sindinafune kuchita kanthu popanda iwe kuvomera, mulandire osatinso ngati kapolo koma m'bale wokondedwa, ngati ali nawe ngongole ulembe pa ine. Ndi mawu okoma, koma amene akupemphedwa chilolezo ndi Filemoni, maganizo a Onesimo mwini wake sitikuwamva. Ndiye pali Aefeso 6 ndi Akolose 3 zouza akapolo kumvera ambuye awo, pali 1 Akorinto 11 pomwe pa mgonero wa Ambuye ena akuyamba kudya osadikira anzawo, wina wakhuta mpaka kuledzera wina ali ndi njala, ndipo Paulo akuti mukuchititsa manyazi amene alibe kanthu. Ofika mochedwawo ayenera kuti anali omwe nthawi yawo inali m'manja mwa ena. Zonsezi zikanapanga phunziro lamphamvu kwambiri mu kosi yonse. Ndinafunsa mu gulupu, wina anaikapo ka emoji ka manja opemphera, a admin anati afikitsa funsolo kwa aphunzitsi, ndipo kosi inatha lisanayankhidwe.

Chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa nchakuti mawu oti tumikirani ndi osavuta kuwagwiritsa ntchito molakwika. Akachoka pamwamba kupita pansi amangosanduka njira youzira anthu omwe atopa kale kuti apitirize kutopa mwakachetechete, pomwe mu Marko 10 Yesu akuwauza anthu amene akulimbirana mipando, ndipo 1 Petro 5 akuuza akulu kuti musachite ufumu pa nkhosa zomwe mwapatsidwa. Kosi yomwe yatha kuona kuti dandaulo la akazi amasiye linamvedwa nkusintha dongosolo la mpingo inali ndi zida zonse zonenera zimenezi, kungoti inaopa kapena nthawi inawathera, kaya.

Ndiye phunziro lomaliza. Pambuyo pa zonse zija, Stefano, thumba la ndalama, Didache, akubwera mlendo wina wosiyana ndi aphunzitsi aja kudzapereka mfundo za mmene ungakhalire mtsogoleri wopambana, masomphenya, kumanga timu, kudziwa mphatso yako, kukulitsa chikoka chako, nyimbo ya piyano pansipansi. Mavesi anangowamata pamwamba, Aefeso 4 pang'ono 1 Akorinto 12 pang'ono, osawatsegula nkomwe, chonsecho 1 Akorinto 12 ndi pomwe Paulo akunena kuti ziwalo zooneka zofooka ndi zomwe zili zofunika ndipo zomwe timaziyesa zopanda ulemu ndi zomwe timazipatsa ulemu woposa. Munthuyo amalankhula bwino, sindikumunyoza, koma zinali za kosi ina. Poyamba pake anatha nthawi ndithu akutchula maudindo ake onse ndi mayiko omwe anayendako.

Za kayendetsedwe mwachidule. Ma audio ambiri amamveka bwino koma awiri kapena atatu a pakati, omwe ndi abwino aja, ali ndi phokoso la mphepo ndipo mawu amatsika nkukwera, ndi mahedifoni zimapiririka. Manotsi ali ndi mavesi ena olembedwa molakwika, penapake alemba 1 Akorinto pomwe akutanthauza 2 Akorinto, ndiye ukatsegula nkupeza nkhani ina usadabwe, yang'ana kalata inayo. Nthawi ya live imasinthidwa mochedwa ndipo amene waphonya amadikira nthawi yaitali kuti aike rekoding'i. Gulupu ilibe woiwongolera mokwanira, m'mawa mumadzaza zithunzi za maluwa ndi ma forward, funso lenileni limakwiririka. Mbali yabwino, sakukakamizani kulowa mpingo wawo kapena kugula zinthu zina, ndipo mu gulupu munali anthu a mipingo yosiyanasiyana popanda kunyozana kwenikweni. Timayeso nto loweza basi, tchulani amuna 7 aja, Febe anali wa kuti, zaka za mkazi wamasiye ndi zingati, palibe funso lofuna kuti uganize, moti satifiketiyo munthu atha kuipeza atangowerenga PDF osamvera audio ngakhale imodzi.

Amene mumasunga chuma cha mpingo, muli mu komiti yoyendera odwala kapena mumaphunzitsa kagulu ka Baibulo, gawo la Machitidwe 6 ndi la chopereka cha ku Yerusalemu likupatsani zokambirana kwa miyezi. Amene munaphunzira kale zaumulungu ku koleji zambiri mukuzidziwa, mwina Didache ndi Cornelius ndi zomwe zingakutsitsimutseni. Mukalowa, dawunilodani ma audio onse ndi ma PDF kosi isanathe chifukwa ma link amatsekedwa pakapita nthawi ndipo kuti akutsegulireninso mpaka mulembere a admin kangapo.